Malilo ya Esnati Sitinaimbe

Welenganso! Memory, nati welenganso, pang'onopang'ono, osati monga uthamangila minibasi ya ku tauni. Yambila paja pa maina ya bamene banayambitsa mpingo. Ba Kamwendo, eee. Ba Mbewe, eee, baja ba njinga yopanda mabuleki. Ba shikulu banu, bamuna banga, balipo, chabwino. Ati ndani? Amayi Nangozo? Hee! Na ine banilemba? Ine wosadziwa na kugwila pensulo nili pa pepala! Pitiliza. Yatha? Tembenuza kumbuyo. Yang'anitsitsa, mwana iwe. Esnati. Esnati Nachisale.

Palibe.

Chabwino, ika pansi pepala ya pulogilamu ya mawa iyo. Kondwani, chotsa tunthambo uto m'makutu, nikamba na iwe. Mapalo, sendeza mbaula kuno, uike malasha mu nsimbi iyi, malaiti lelo sayabwela ndipo bulauzi yanga ya chigwilizano ifunika kusita. Khalani pansi nonse batatu.

Mawa ni Sondo yothela mu chalichi chakale. Pa Mande chibwela chigalimoto chogumula, bafuna kumanga cha magalasi. Manje ine mawa nifuna kuimba nyimbo imodzi mmenemo, nyimbo ya malilo, ndipo nifuna imwe munilandile. Musayang'anane! Nidziwa, babili imwe mupemphela kuja kwa magitala na masipika, kumene munthu atuluka makutu yali ngwii. Kondwani yeve chalichi chake ni mpila. Sinikukanizani. Nipempha mawa chabe. Mvelani mulandu wake, mukamva mukane ngati mungakane.

Pepala iyo yakamba ati cholinga cha mpingo wathu ni kulalikila uthenga na kuthandiza bosauka mu Kanyama. Ni zoona, sinitsutsa. Koma bolemba sibanaliko. Ine ninaliko. Mpingo uyu unayamba chifukwa cha malilo.

Ninachoka ku Dedza nili kamtsikana, ba shikulu banu batabwela kuzanitenga. Amayi banga bananisokela kalata ya mpingo m'kansalu, nkunimangilila m'chiuno pamodzi na mikanda. Ati, "Mwana wanga, katundu yense akube, koma iyi ukataya, kumeneko ukakhala ngati wakunja." Kalata imeneyo ndiye inali kukuimilila kuchilendo, kuti uyu ni wathu, amadya Mgonelo, mulandileni. Ulendo wake si uyu wa manje, wokwela m'mawa madzulo wafika. Masiku yatatu! Fumbi mpaka m'mano. Pa Luangwa kutentha monga wakhala mu mbaula, ine kusanza, ba shikulu banu ati, "Limba mtima, Lusaka ndi pafupi." Bodza!

Ninali kuganiza nipita ku nyumba zowala. Nifika mu Kanyama, miyala! Ukumbe chimbudzi, mwala. Ukumbe kadimba ka chibwabwa, mwala. Mvula ikagwa madzi yasowa polowela, yangobwela kukhala na imwe m'nyumba monga mlendo wosafuna kutsazika. Ivo mudziwa, mwabadwilamo.

Esnati ninamupeza pa pompi. Mzimai wina anakankha ndowa yanga pa mzele, ine nkumutsanulila mawu ya kwathu yonse. Nimva kumbuyo munthu aseka pansipansi. Ati, "Pakamwa apo ndi pa Dedza." Nati, "Nanga iwe?" Ati, "Ntcheu." Nati, "Basi, gwila ndowa iyi, nimutsilize uyu." Chibale chinayambila pamenepo. Anali wowonda, wa mpata m'mano, wosakamba vambili. Mwamuna wake anapita ku migodi, osabwelanso, na kalata yemwe. Bana bake babili banafa bakali m'manja. Anali kukhala yekha mu kachipinda kamodzi, kugulitsa vitumbuwa pa msewu.

Masiku yamenewo kunali mwamuna wina wa ku Linthipe, Yohane, wonyamula masaka ku njanji. Anadwala, anafa, ife osamva. Tinamva patapita sabata kuti banamuika bakaidi ba boma, dzenje, dothi, kwatha. Popanda na munthu mmodzi wotsegula pakamwa. Ba Kamwendo banaitana bonse ba kwathu pa khomo pao. Banali munthu wamtali, wa jekete nthawi zonse, olo dzuwa liswe mtengo. Banaimilila so, dzanja kumbuyo, ati:

"Abale, kodi tinabwera kuno kudzatayidwa ngati agalu? Kwathu munthu amapita ndi nyimbo. Kuyambira lero, wathu aliyense akafa m'Kanyama muno, tidzamuimbira kuchokera pakhomo mpaka kumanda!"

Mwamva? Sungani mawu yamenewo.

Tsiku lomwelo aliyense anatulutsa kalata yake ya mpingo, bena m'sutikesi, bena m'chipewa, ine kuseli kwa nyumba kukamasula m'chiuno. Tinaziika pa tebulo. Mpingo unabadwa. Denga linali masaka, belu linali chidutswa cha njanji, ba Mbewe kumenya na bauti, ngee, ngee! Abusa bathu sitinali nabo. Banali kuchokela ku Matero pa njinga, nkhalamba ya chifuwa, kamodzi pa miyezi itatu. Bakabwela ndiye Mgonelo, ubatizo, na bwalo. Chifukwa ife ba Chipresbiteliyani, bana imwe, kanthu kalikonse ni bwalo. Bakulu ba mpingo bakhala, abusa pa mpando, mlembi na buku. Popanda abusa bwalo silikhala. Sungani na yamenewo.

Ndipo tinali kuimbadi. Imwe muniona manje nitsokomola, koma ine mawu! Nikayamba nyimbo pa lole ya malilo, ba ku Chibolya, komboni ina ija, banali kutuluka m'nyumba na mwiko m'manja. Koma woyamba nyimbo akakhala yekha ni wamisala chabe wokuwa pa msewu. Nyimbo ifuna wolandila. Esnati anali na mawu ya pansi, yozizila, monga madzi ya mu mtsuko. Ine nikwela, nikwela, mpweya watsala pang'ono kutha, yeve walowa kale pansi panga. Sanachedwepo. Bena bonse banali kutsatila yeve.

Mapalo, nsimbi iyo usaigwedeze so, phulusa lizagwela pa bulauzi. Ipukute pansi na kansanza. Imwe ba magetsi simudziwa kanthu.

Patapita zaka tinati timange chalichi cha simenti. Bamuna kumanga, ife bazimai kuphwanya miyala. Kukhala pansi miyendo tambalale, hamala m'manja, kho, kho, kho, kuchoka m'mawa. Onani chala ichi. Sichinabadwe chopindika ichi. Miyala yamene ili pansi pa simenti mupondapo mawa, yambili ni ya Esnati, chifukwa yeve analibe mwana womuitana kunyumba. Anali kuyamba ise tisanafike, kutsiliza ise titapita.

Sabata ya pakati pa Khisimasi na Nyuwele bamuna banali kupumula ku nchito, ndiye banati tikweze vipupa mpaka pamwamba. Bazimai tinali kusinthana kuphika thobwa la bomanga. Osati ivi vamene mugula m'mabotolo, va utoto. Thobwa! Phala la mgaiwa, uthile chimela, ligone usiku umodzi, m'mawa uwilitsenso. Ukamwa kapu imodzi mimba yakhala pansi. Sabata imeneyo inali yanga na Esnati. Mgolo tinauika kwa yeve, chifukwa kwanga kunali bana, malo kunalibe.

Thobwa lapsa pa Chiwili. Mvula! Chiwili mvula, Chitatu mvula, Chinayi mvula, bomanga osabwela. Pa Chisanu dzuwa nswee. Tivundukula mgolo, thovu lili phwii, phwii, fungo kutimenya pamphuno. Esnati analawa, anakwinya nkhope. Ati, "Mnzanga, ili lakalipa. Titaye."

Ine! Pakamwa apa! Nati, "Titaye? Chimela chonse chija? Nkhuni zonse zija? Iwe, baja ni bamuna bakulubakulu, lizangobapatsa mphamvu. Bwela na shuga tiphimbe kuwawa."

Ati, "Nangozo, thobwa la masiku anayi ndi mowa."

Nati, "Mowa ni wa ku tavani. Ili taphikila chalichi."

Ninathila shuga na dzanja langa ili. Ninavundula nekha.

Manje ganizani. Bamuna bosalawa mowa zaka na zaka, mimba zopanda kanthu, dzuwa pamutu. Kapu yoyamba, bonse chete. Yachiwili, ba Mbewe bayamba kuseka bokha. Ba Kamwendo banamwa zinayi. Banapukuta ndevu, ati, "Amayi, thobwa la lero lili ndi uthenga!" Nkukwela pa thabwa pamwamba pa chipupa. Ba Mbewe bagwila ndowa, bayamba kuimenya monga ng'oma. Mayo ine! Kansi ba Kamwendo basanatembenuke mtima banali ba ku dambwe kwao ku Dedza. Miyendo inakumbukila! Mkulu wa mpingo, mlembi, wa jekete, kupalasa gule pamwamba pa nyumba ya Mulungu! So, so, chiuno uku... Kondwani, gwila mpando uyu ningagwe.

Sekani. Na ine ninaseka, mpaka misozi. Kanyama yonse inabwela. Bazimai ba ku tavani kuimba nthungululu, ati, "Onani ba chalichi! Batiposa!" Thabwa thyoo, ba Kamwendo mu matope ya simenti, dzanja kuthyoka. Mizele yamene banamanga tsiku lija inakhota. Mawa muyang'ane chipupa cha kwa bazimai, pafupi na chitseko, chapendama mpaka lelo.

Mwaseka mokwana? Chifukwa kuseka kwathela pamenepa.

Abusa banabwela, bwalo linakhala, mu chalichi chopanda denga, bakulu pa mabuloko. Nthawi imeneyo ine ninali kutsiliza maphunzilo ya chigwilizano, kuti pa Pasaka baniveke yunifomu. Ndipo kumsana ninali na Lute, amako iwe Memory, ali na miyezi inayi, ofunika kubatizidwa Sondo imeneyo. Mayi wodulidwa mu mpingo sabatizitsa mwana. Ivo ninali kuvidziwa bwino polowa.

Bamuna banati sitinadziwe, tinayesa thobwa. Bwalo linabadzudzula chabe. Ba Kamwendo banakhala pa buku, dzanja limodzi m'nsalu, maso pansi. Abusa banali bofatsa, mawu yao monga bakupepesa. Ati, "Thobwali linaphikidwira kwa yani?"

Esnati ati, "Kwanga."

"Munadziwa kuti lasanduka?"

"Ndinalawa."

"Nanga maganizo owapatsa anthu, munapangana ndi yani?"

Esnati anatembenuka. Sanayang'ane ine. Anayang'ana mwana kumsana kwanga, kamutu kali lende, kagona. Ati, "Ndekha."

Abusa banacheukila kwa ine. "Amayi Nangozo, inu munali naye sabata imeneyi. Muli ndi mawu?"

Ine, bana imwe. Ine wamene nikayetsemula ba ku Chibolya bati moyo. Nati, "Nilibe."

Banamudula chaka chimodzi, mulandu wophika mowa na kumwetsa bakulu ba mpingo. Bulauzi yake yoyela na duku anapinda, naika pansi pa sutikesi. Lute anabatizidwa Sondo imeneyo. Pa Pasaka ine ninavekedwa.

Mudziwa kumene wodulidwa akhala? Benchi ya kumbuyo, pafupi na chitseko, pansi pa chipupa chokhota chija. Nthawi ya Mgonelo ikafika, mkulu aimilila, ati, "Amene sali a Mgonero atuluke." Batuluka bana, batuluka ba kalasi, Esnati nayenso nyamu. Koma asanatuluke anali kubwela pa ine, kunimasula Lute kumsana, kumubeleka yeve, kuti ine nilandile bwino mkate mwana osanivuta. Ine nimeza mkate, pa windo niona Esnati ayendayenda padzuwa, asisita amako.

Nsimbi iyi wagwila, Mapalo, ni yake. Bulauzi yanga yoyamba anasita ni yeve, m'mawa wa tsiku lovekedwa. Ati, "Iwe ungaiotche, uli ndi phuma."

Tsiku lina sininakwanitse. Ninamupeza akazinga vitumbuwa, nati, "Esnati, ine nipita kwa ba Kamwendo, nikakambe."

Ati, "Ukanene chiyani? Kuti atidule tonse awiri? Nanga nyimbo adzayambitsa ndani? Chaka si kanthu. Ine ndilibe mwana wobatiza." Anatembenuza chitumbuwa, nkuseka na mpata wake uja. Ati, "Iwe ngati ukufuna kundilipira, udzandiimbire bwino ndikadzafa. Ija yaitali, ya pa lole. Usadzadule ndime."

Nati, "Nizakuimbila mpaka ba ku Matero batseke makutu." Tinaseka, nkudya vitumbuwa vake vamene vinapselela.

Chaka chinatha. Kalasi ya bobwelela anapita yonse, osaphonya. Bakulu banati bwalo likubwelali timubweza. Tinachapa bulauzi yake, tinaiyanika. Kunatsala chabe abusa kufika, kukhala pa mpando, ba Kamwendo kulemba mzele umodzi.

Mvula ya chaka chimenecho! Imwe ya manje muilila, koma ija. Madzi m'maondo m'nyumba, bachule mu mapoto, vimbudzi kusefukila, bana kugona pa tebulo. Abusa banayesa. Banafika na njinga pamene tala ithela, banaona nyanja, chifuwa chili khoo, khoo, banabwelela. Banatumiza mawu ati mwezi wamawa, pakuti masabata yapakati banali na nthambi zina za ku mafamu.

Madzi yanalowa na mu chalichi, chili chatsopano, denga langoikidwa. Esnati anatenga beseni. Masiku yatatu ali m'madzi, kukapa, kukweza mabenchi pa mabuloko. Nati, "Iwe, tuluka umo!" Ati, "Abusa adzandibwezere m'dziwe?" Tsiku lachinayi sanauke. Chibayo. Ninamunyamula pa wilibala kupita naye ku kiliniki, ba shikulu banu bakankha, ine nagwila mutu. Banamupatsa mankhwala, tinabwela naye kwathu. Sanathe sabata. Anapita m'mawa, ine nili panja nimuphikila phala.

Ninathamanga m'madzi mpaka kwa ba Kamwendo. Nati, "Esnati watisiya. Uzani ba Mbewe bamenye chitsulo, bazimai bavale."

Banalowa m'nyumba, nkutuluka na buku, banalitsegula pa maondo. Ati, "Amayi, chaka chinakwana, inde. Koma bwalo silinakhale. M'buku muno akadali wodulidwa."

Nati, "Lembani manje! Pensulo iyo!"

Ati, "Ndilembe ndekha? Ndine bwalo ine? Ndipo bwalo silibweza munthu wakufa."

Pamenepo vinatuluka. Nati, "Ni ine! Yeve anati titaye. Shuga ninathila ni ine!"

Ba Kamwendo misozi inali kutsika mu ndevu, sininame. Banayang'ana kumbali. Ati, "Amayi Nangozo, sindinamve. Mukabwereza, ndimva, ndipo m'buku mukhala maina awiri. Iye sizimuthandiza."

Sininabweleze.

Lamulo la masiku yaja linali louma. Wodulidwa akafa, palibe yunifomu, palibe mlaliki, palibe nyimbo. Mkulu mmodzi apemphela mwachidule pakhomo, kwatha. Wamene ayambitse nyimbo, nayenso ku bwalo. Bokosi bamuna banalinyamula pa mapewa, m'madzi, mpaka pa tala. Tinakwela lole, bazimai mu vitenge va masiku yonse.

Munakwelapo lole ya malilo yopanda nyimbo? Kuchoka Kanyama mpaka ku manda ya ku Chingwere ni patali, bana imwe. Umva injini chabe, na bokosi kugunda ku chitsulo pa mabampu. Banthu pa msewu sibanavule visote, sibanadziwe. Pamene tinaima pa mphambano, mzimai wina wogulitsa chimanga anakuwa, ati, "Imwe, ganyu ya pisiweki ni ku famu iti? Malo yaliko?" Tinapita mu Matero momwe, ba ku Matero osatseka makutu.

Kumanda ninamva chinthu chamene ninali nisanamvepo. Malilo yonse yaja ninapita, sininadziwe kuti dothi likagwa pa bokosi limalila. Nyimbo inali kuphimba. Gu. Gu. Gu. Monga munthu agogoda pa chitseko, ise tili m'kati takhala. Ninakoka mpweya. Ninatsegula pakamwa, nyimbo ili apa, pakhosi. Amayi ba mpando ba chigwilizano banali pambali panga, banakhudza mkono wanga. Zaka zambili ninali kudziuza kuti bananiletsa. Bodza. Banangonikhudza chabe, monga ntchentche yatela. Pakamwa ninatseka nekha. Ninaganiza bulauzi.

Patapita masabata yawili madzi yanaphwa, abusa banafika, bwalo linakhala. Ba Kamwendo banawelenga dzina lake pa mndandanda wa bobwezedwa. Abusa ati, "Aitaneni alowe."

Kuchoka pamenepo naimbila banthu, mayo! Ba Mbewe ninabaimbila. Ba Kamwendo malole yatatu, nyimbo ninayambitsa nine, mawu yanauma sabata yonse. Ba shikulu banu. Nthawi ya matenda yaja yamene yanatha bachinyamata, tinali kupita ku Chingwere katatu pa sabata, bulauzi osauma. Bana banga babili, Yosefe atate bako iwe Kondwani, na Lute. Mayi saimba pa malilo ya mwana wake, koma ine ninaimba, banthu nkumati mzimai uyu wazungulila mutu. Bena bamene tinaimbila banali zidakwa zenizeni, malamulo yatafewa. Palibe ninamusiya chete. Mmodzi chabe, uja anapempha.

Memory, usalile. Amako banali kumudziwa. Ninabauza kuti msana woyamba unabatonthoza m'chalichi sunali wanga.

Muti bwanji osapita kumanda kukaimba kumeneko? Ninapita, mochedwa. Kachitsulo ka nambala banazula bogulitsa vitsulo vakale. Udzu, milu, manda yatsopano pamwamba pa yakale. Ninazungulila kuchoka m'mawa mpaka miyendo kutupa. Ninafunsa wokumba manda, ati, "Ambuya, ba kudala, ba kalekale baja, sitibaziba." Mwana alibe, m'bale alibe, chithunzi kulibe. Malo yamene nidziwa kuti Esnati anakhalapo ni benchi ija, pansi pa chipupa chokhota. Pa Mande chigumuka.

Sabata yatha ninavala, nkupita ku ofesi kwa abusa ba manje. Ni bachichepele, ba mafoni yawili, koma bamamvela. Ninabauza vonse, na shuga yemwe. Banatsegula kabati, banapeza buku lija. Madzi ya zaka zonse izi yanalilowa, mapepala yanamatana, lili gwa monga njelwa. Banayesa na mpeni, linangonyenyeka.

Nati, "Chabwino. Nidulani ine. Chaka chimodzi. Mulandu ni wanga."

Banayamba kuseka, banaona nkhope yanga, banaleka. Ati, "Ambuya, Mulungu anamulandila kudala uyo munthu."

Nati, "Nidziwa! Mulungu alibe mulandu. Wamene analonjeza nyimbo ni ine."

Banapita nayo nkhani ku komiti ya chikondwelelo. Komiti ati iyayi, mawa ni tsiku la chimwemwe, kubwela balendo bolemekezeka, mapepala yadindidwa kale, nyimbo ya malilo izaononga. Abusa banabwela bokha pano pa Chinayi, banakhala pamene wakhala iwe Mapalo. Ati, "Ambuya, pa pulogilamu nakangiwa, vakanika. Koma nikapeleka mdalitso wothela, nizachedwa kuchoka pa guwa. Nizayamba kusakila magalasi yanga. Wa kiyibodi namuuza, sazaliza nikalibe kuyapeza."

Ndiye mpata wanga ni umenewo. Magalasi ya abusa.

Manje vuto ni iyi. Nyimbo ija banaileka kudala, ati ni yaitali, ichedwetsa. Bamene banali kuidziwa bonse ninabapelekeza nekha. Batsala amake Tereza, makutu yanafa. Ine mpweya wanga manje ufika theka la mzele. Nikaimilila mawa pa benchi ya kumbuyo, niyambe, popanda wolandila, banthu bazati ambuya baja bayamba misala, basungwana ba pakhomo bazanigwila mikono bwinobwino, "Tiyeni ambuya mukapumeko mphepo." Ndiye kuti yathela pomwepo, namutaya kachitatu: pa bwalo, pa manda, na mawa.

Ati chani, Kondwani? "Bazatiseka." Eee, bazaseka. Bazajambula na mafoni. Ine ninaopa kusekedwa na kuvulidwa bulauzi, onani manje nili nayo, yoyela, yosita, ndipo inilemela monga thumba la simenti. Kusekedwa kumatha pa Chiwili, mwana wanga.

Naona simunanyamuke.

Mapalo, imika nsimbi pa mwala, yakwana. Sendelani. Ili na ndime zisanu na imodzi, sitidula na imodzi yemwe. Ine niyamba pamwamba, nikwela, nikafika pamene muone dzanja langa latsika so, imwe mulowe pansi panga. Kondwani, iwe na chimawu chako cha ku mpila ukhale pansi penipeni. Musayembekeze kuti nitsilize, sinizatsiliza.

Mvelani.

Iyayi, mwachedwa. Mwaona, nagwa nekha. Musaope, lowani nikali m'mwamba. Tiyambenso.

Apo! Ndani uyo? Memory, ndiwe? Pamenepo, pamenepo ndiye anali kulowela.

Dikilani pang'ono. Nipatseni madzi.

Chabwino. Ndime yachiwili.